Khutu la Tadala

Tsiku limenelo analipo ndi awa, kuti wina asadzati ndikunama: ine mwini, akazi anga aNabanda, mwana wanga Lameki, mkazi wake Make Tadala, ndi Tadalayo, mdzukulu wanga wa zaka zinayi. Onsewa anabwerera kunyumba bwinobwino. Ulemu wanga wokha ndi umene unatsala panjira.

Tadala khutu lake linali lovuta chibadwire. Ku Lilongwe kumene ankakhala, akangotenga chimfine basi, kulira kosatonthola, m'mawa mafinya papilo. Mwezi uno kuchipatala, mwezi wamawa kuchipatala. Madokotala anachenjeza kuti zikapitirira mwanayo adzagontha.

Itabwera Korona sukulu ya mkaka anatseka, ntchito ya Lameki inaima, onse anakwera kuno kumapiri a Ntchisi. Ndipo khutu lija linauma gwa! Miyezi inadutsa popanda ngakhale dontho. Ine chifukwa chake ndinkachidziwa: m'mawa uliwonse ndinkamukhazika pamwendo, kumupaka mafuta a nsatsi kuseri kwa khutu, uku ndikumusimbira nkhani kuti asathawe. Ndinauza mudzi wonse. (Misonkhano inali yoletsedwa, ndiye ndinkangoima pachulu. Anthu amati ndimakuwa. Sindikuwa ine, ndimayankhula momveka.)

Tsiku lina tikupuntha soya pabwalo, Tadala anabwera atagwira khutu lomwe lija, ati likuwawa. Make Tadala anati tithamangire kuchipatala. Ndinakana. Ndinati kuchipatalako ndi kumene kukugona matendawo, ndipo dokotala wa khutu limeneli ndine. Ndinadontheza mafuta m'kati. Osasintha. Ndinafunditsa madzi, ndinathira supuni, kenako ina, kuti nditsukemo. ANabanda ananena zinazake, koma masiku ano amayankhulira kukhosi, sindinazigwire.

Dzuwa litapendeka mwana anayamba kukuwa ngati wapsa ndi moto. Khutu lafiira, sakulola munthu kulikhudza. Ndinamuitana dzina kumbali imeneyo, sanatembenuke. Mpongozi wanga, amene chikwatiwire sanandiyang'anepo m'maso, anandiyang'ana. Anabereka mwana kumbuyo osapempha munthu.

Tinatsetsereka phiri panjinga zamoto ziwiri. Pageti la chipatala mlonda anati wopanda chotseka kukamwa salowa, ndiye ndinamanga duku wa aNabanda, wamaluwa ofiira. (Amene anandiona akhale chete.)

Adokotala anali mtsikana, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anaunika m'khutu ndi katochi. Kenako anafunsa amene anathiramo madzi. Lameki ndiye anandibwerezera funsolo. Ine ndinayang'ana kudenga. Tadala anandiloza.

Adokotala anati m'katimo muli chinthu, chafufuma ndi madziwo, ndipo mwana akangogwedezeka kachikopa komvera kakhoza kung'ambika. Lameki anagwira mutu, mayi ake manja, ine anandipatsa miyendo. Ndinapemphera chamumtima, chinthu chimene sindinachitepo, chifukwa ine Mulungu ndimamuuza mokweza. Kachitsulo ka adokotala kanalowa m'khutu, kanatuluka kopanda kanthu. Kanalowanso. Mwana analira mpaka mawu anatha.

Kenako kanatuluka ndi njere ya soya, yotupa ngati nzama.

Kachikopa kanapulumuka. Adokotala anafotokozanso kuti mafinya aja anasiya chifukwa mwanayo sankatenganso chimfine kwa anzake kusukulu, ati ana ambiri zinawachitikira choncho chaka chimenecho. Za nsatsi yanga sanatchule, ngakhale ndinawakumbutsa kawiri.

Ndiye anawerama nkufunsa Tadala chifukwa chake anaikamo soya.

"Agogo amandilowa m'khutu," anatero, uku akusisima. "Ndimafuna nditseke kwinakonso koma inagwa."

Palibe anaseka poyera, koma nsalu za pakamwa zonse zinkagwedezeka. Adokotala anatembenukira kwa ine nkunena zinazake. Milomo sindinaione, inali yophimba, ndiye ndinayankha mwaulemu kuti kwathu ndi ku Ntchisi, mbewu yake ndi yanga yomwe, sindigula. Ati anandifunsa ngati ndikumva bwino. Mpaka lero ndimati vuto linali kansalu kawoko.

Titatuluka, Lameki anandikokera pansi pa mtengo. Anaima kutsogolo kwanga, anatsitsa chakukamwa chake kuti ndimuone bwino, nkunena pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana:

"Bambo, khutu la Tadala tathana nalo. Sabata yamawa tibwera ndi anu awiriwo."