Ankhoswe Anga pa Tebulo Nambala 7

Nkhani iyi ndaibisa chaka chathunthu. Koma poti akabaza a pa Balaka ayamba kuifotokoza mokhotetsa, bola ndidziyalutse ndekha.

Ine ndili ndi chigayo cha mpunga kuseri kwa siteshoni ya sitima. Mayi akunyumba anatisiya zaka zisanu zapitazo, ana onse ali ku Blantyre. Masana chigayo chimandichezetsa ndi phokoso lake, koma ndikachizimitsa, pakhomo pamangoti zii. Mpaka lero ndimapezeka ndatulutsa makapu awiri a tiyi, wakumwa ndili ndekha.

Tsiku lina pa WhatsApp panabwera uthenga: ku Liwonde kuli msonkhano wa amalonda, ndipo kudzakhala "business matchmaking". Liwu loyambalo sindinalilabadire. Lachiwirilo ndinkalidziwa bwino, ndinkalimva pa wailesi, pa pulogalamu ya anthu ofuna banja. Ndinati anthu awa ndi oganiza, aona kuti ife a geni nthawi yofunsira tilibe. Ndinalembetsa tsiku lomwelo.

Patapita masiku, mayi wina wa okonza msonkhanowo anandiimbira.

"Bambo Makwinja, mukufuna partner wotani?"

"Wokhwima maganizo," ndinayankha. "Wolimbikira ntchito, wosakonda mikangano."

"Wa dera liti?"

"Kulikonse, mayi. Bola wodziwa mpunga."

"Ndiye alipo. Abiti Saidi a ku Chiuta. Mudzakumana pa tebulo nambala 7, tidzakupatsani mphindi khumi ndi zisanu."

Nthawiyo inandichepera, koma ndinakumbuka kuti malemu aja ndinawaona koyamba m'sitima, ndipo pofika siteshoni yotsatira ndinali nditadziwa kale. Ndinakametetsa, ndinadetsa imvi, ndinagula chitenje chabwino n'kuchikulunga m'nyuzipepala. Suti inali ija ya pa ukwati wa mwana wanga.

Holo inali pafupi ndi Shire, matebulo ndandanda, anthu awiriawiri. Pena amuna okhaokha, koma ndinati mwina ndi achibale akuyamba akambirana. Pa nambala 7 panakhala mayi waulemu wake, atafunda mpango wobiriwira, kope lili patsogolo. Atamwetulira, ndinakoka mpando n'kukhala.

Titalonjerana, iwo sanachedwe.

"Bambo, ine sindizungulira. Ndikufuna munthu wokhulupirika, woti tiyende naye nthawi yaitali. Woyamba uja anandigwiritsa fuwa lamoto."

"Pepani, mayi. Amuna ena ndi otero. Ine iyayi."

"Malo muli nawo okwanira?"

"Zipinda zitatu, za njerwa zootcha. Zangokhala, mayi, zikudikira."

"Denga silidontha?"

"Malata atsopano."

Analemba m'kope muja. Ine mumtima ndinali nditawaika kale pakhonde, akupeta mpunga, wailesi ikuimba, kapu yachiwiri ija ili m'manja mwawo.

Fani ya m'holomo inkachita phokoso, ndipo makutu a munthu wa chigayo mukuwadziwa. Mayi aja anafunsa kuti, "Nanga makoswe alipo?" Ine ndinamva "ankhoswe".

"Alipo awiri," ndinatero monyadira. "Akuluakulu."

Anaika bolopeni pansi. "Awiri? Mumachita kuwawerenga?"

"Eya. Wina amakhala ku Ulongwe, winayo ndi katekisiti ku tchalitchi kwathu. Mukangovomera, Loweruka lomwe lino afika kwanu."

"Afika kwathu kudzatani?"

"Kudzaonekera kwa akuluakulu. Za kusiyana mipingo tidzakambirana, ine si wovuta."

Apa ndinatulutsa chitenje chija n'kuchiika patebulo ndi manja awiri.

Abiti Saidi anayang'ana chitenje, anayang'ana suti, anayang'ana mutu wanga, umene thukuta linali litayamba kutsitsira utoto wakuda m'makutu.

"Bambo, inu mwabwera kudzatani kuno?"

"Matchmaking, mayi."

"Ine ndine wapampando wa gulu la amayi olima mpunga. Tikufuna chigayo ndi malo osungira matumba. Tilipo amayi makumi awiri. Mutikwatira tonse?"

Anaseka mpaka kugwetsa nkhope pa kope lija. A pa tebulo nambala 6 ndi nambala 8 anali atasiya kale zokambirana zawo. Ine ndinalakalaka Shire atasefukira n'kunditenga ndi mpando womwe.

Atapukuta misozi, anandiyang'ana mwachifundo.

"Akunyumba anamwalira?"

"Zaka zinayi."

"Pepani, bambo. Kukhala wekha kumapweteka, mayi anga ndinawaona." Anakankhira chitenje chija kwa ine pang'onopang'ono. "Ichi sungani, mwini wake adzapezeka. Ine amuna anga ali panjapo, ndi amene andiperekeza pa njinga yamoto. Koma tsopano ndiuzeni zoona: makoswe alipo kapena ayi?"

"Palibe, mayi. Ndili ndi amphaka."

Belu lotsekera nthawi linalira tikusayinirana pepala la mgwirizano wa mpunga. Potuluka anandionetsa kwa amuna awo, bambo wamtali wa ndevu zake, ndipo anawafotokozera zonse m'Chiyao. Ndinangomva mawu akuti "katekisiti". Bamboyo anandigwira chanza mwamphamvu, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Achimwene, mwalemba m'madzi. Koma chigayo chanu tachilola, chikwatire mpunga wathu!"

Ndinakwera minibasi ya ku Balaka chitenje chili kukhwapa. Wodzola mafuta ndinali ine, wopeza banja chinali chigayo.

Chizungu ukachimva theka, usathamangire kudetsa imvi.