Amake Mwiza Pagolo

Malemu a Anock Msowoya ndi munthu amene analowetsa Kawale yense mu TV. Sikuti ankajambula anthu ayi, ndi kamera yomwe analibe. Chimene anali nacho ndi kachipinda ka magemu kuseri kwa msika, makina ake a mpira, ndi TV yakalekale ya chimsana, ija yofuna amuna awiri kuti isunthe. TV imeneyo inkaonetsa zachimbuuzi moti osewera onse analibe nkhope. Munthu unkangoona timitu, timiyendo ndi mtundu wa malaya. Wina akanadandaula, koma a Msowoya anaona kuti munthu wopanda nkhope ndiye kuti alibenso dzina, choncho anayamba kuwapatsa mayina a anthu a m'dera lomwelo.

Iwo eni gemu sankasewera. Ankati zala zawo zinazolowera kutsegula buku la nyimbo, osati kutofinya mabatani. Ntchito yawo inali kukhala pampando wa pulasitiki pambali pa TV, chipewa pabondo, n'kumaulutsa mpira umene anyamata akusewera, ndi mawu oti ankafika mpaka pa siteji ya maminibasi.

"Wautenga Harun wa kanyenya! Harun wamudoda Sophie wa ku saluni, Sophie wagwa, wigi uko! Harun akupita, nyama waisiya pamoto, akupitabe!"

Harun weniweniyo, ali pa malo ake owotchera nyama, ankaimitsa mpeni m'mwamba kudikira kuti amve mathero ake. Akagoletsa, kasitomala amene ali patsogolo pake ankalandira nthuli ya banyira. Anthu ochenjera anayamba kugula kanyenya nthawi ya mpira yokha.

A Wilkins Nyirenda, mkulu wa mpingo, anapatsidwa khadi yofiira Loweruka lina, ndipo m'mawa mwake poimirira kuti awerenge zilengezo anamva kwaya ikuseka pansipansi. Lolemba anabwera atavala jekete kudzakumbutsa a Msowoya kuti iwo ndi munthu wa udindo.

"Munalowa ndi miyendo yonse iwiri, a Nyirenda," anatero a Msowoya. "Tonse tinaona."

A Nyirenda anatuluka akupukusa mutu, koma atafika pakhomo anatembenuka n'kufunsa kuti ndiye awaletsa magemu angati.

Ngakhale akufa sankachotsedwa mu timu. Maliro akachitika, a Msowoya ankamuika malemuyo pa benchi kufikira anamfedwa atapukuta misozi, kenako tsiku lina ankangomulowetsa chigawo chachiwiri ngati palibe chachitika. Mayi Belinda, amene amuna awo anamwalira pa ngozi ya minibasi, ankabwera madzulo ena kudzakhala pakhonde, ati kudzagula mandasi, koma aliyense ankadziwa kuti abwera kudzamva amuna awo akumenya kona. Anthu ankati ku Kawale munthu safa, amangopita pa benchi.

Panali munthu mmodzi yekha amene zonsezi sizinkamukomera, ndipo ameneyo anali mkazi wawo, mayi Olipa, amene ankakazinga mandasi pakhonde pa kachipindako. A Msowoya anawaika pagolo. Osati golo limodzi ayi, magolo onse awiri. Ankati kunyumba kwawo palibe chimene chimadutsa amake Mwiza osachigwira, ndiye pagolo angaikeponso ndani? Pakumva zikuoneka ngati ulemu, koma taganizirani bwino. Timu iliyonse ipambane, wochinyidwa anali iwo. Ndipo chigoli chilichonse chinkabwera ndi mfuu yomweyo:

"Chalowa! Amake Mwiza amatembenuza mandasi!"

Mayi Olipa anali munthu waulemu wake, wa yunifolomu yosita bwino ku Umanyano, gulu la amayi la ku tchalitchi kwawo. Koma makondakitala ankawaitana kuti agoloboyi n'kuwasungira mpando wakutsogolo. Ana a sukulu ankawapatsa moni mwaulemu, kenako n'kuwapepesa za dzulo. Mnzawo wina wa ku Umanyano anawakokera pambali n'kuwafunsa mwachifundo ngati ndi mawondo akuvuta. Akadandaula kunyumba, a Msowoya ankafunsa kuti nanga akagwira penate bwanji sadandaula. Iwo akati chibadwire sanagwirepo penate, a Msowoya ankadabwa kuti munthu angakane bwanji ndi zabwino zomwe.

Anapirira zaka, koma pa chinkhoswe cha mwana wawo Mwiza m'pamene zinawafika pakhosi. Akuchimuna anachokera ku Dedza, anthu odekha, ovala bwino. Wotsogolera mwambo atatenga chimkuzamawu anati, "Tsopano aimirire mayi a mkwatibwi, goloboyi wa Kawale yense!" Holo yonse inaimirira ndi nthungululu. Mayi a mkwati anawagwira dzanja n'kunena monong'ona kuti sankadziwa kuti mwana wawo akukwatira kubanja la zamasewera. Tsiku limenelo mayi Olipa anatsimikiza mumtima kuti pagolo achokapo, zivute zitani.

Mwayi unadza ndi mkamwini yemweyo, Pemphani, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni m'tauni. Pofuna kukondweretsa apongozi, anawagulira makina a gemu atsopano, aja anyamata ankangowaonera pa foni. Nkhani inafala tsiku lomwelo, ndipo Kawale yense anasanduka katswiri. Ena ankati makina amenewo sayaka popanda TV ya pulazima ya mtundu wa 4K. Ena ankati amayaka koma amalira. Wakabaza wina analumbira kuti msuweni wake ku Area 23 anawalumikiza ku TV yakale, ndipo TV inatulutsa utsi wonunkha ngati tayala.

Mayi Olipa anamuitanira Pemphani kukhitchini kuti amve zoona zake. Mnyamatayo anafotokoza kuti 4K si yokakamiza, makinawo amagwira pa pulazima iliyonse, kungoti pa 4K zithunzi zimawala kwambiri. Vuto linali loti TV ya apongozi inalibe polowetsa chingwe cha makina atsopanowo.

"Zikawala, nkhope zimaoneka?" anafunsa mayi Olipa.

"Ndi thukuta lomwe, amayi."

"Ndiye mukawauze bambo anu kuti popanda 4K makinawa sayaka."

Pemphani anatuluka thukuta lenileni. Kunamiza apongozi aamuna n'kovuta, kukanira apongozi aakazi n'kovutanso kuposa. Anakaima pamaso pa a Msowoya n'kulankhula zinthu zosamveka, zoyamba ndi "mwina" n'kuthera pa "kapena". A Msowoya anamvetsera mpaka kumapeto, anasisita TV yawo pamsana n'kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. M'mawa mwake anakulunga zingwe zonse m'jumbo, anakwera minibasi ya m'tauni, ndipo masana anabwerako ndi kabokosi kangati ka machesi kolumikizira chingwe chatsopano ku TV yakale.

Makina anayaka. Utsi sunatuluke. Koma zilembo zinachepa ngati nyerere, moti anyamata ankasankha timu poona mtundu wa malaya basi, ndipo chimbuuzi chija chinachita kuwonjezeka. A Msowoya anakondwa kwambiri. Anati makina atsopano ndi abwinodi, tsopano pali malo olowetsa ndi anthu a ku Biwi omwe. Tsiku limenelo amake Mwiza anachinyidwa zigoli zoti ngakhale owerenga anatopa nazo.

Mayi Olipa sanagonje. Anakumbutsa Mwiza kuti Joe wa ku Biwi watsegula malo a magemu okhala ndi pulazima yaikulu ngati chitseko, ndipo bambo ake atsala okha ndi mabenchi. Zoti anyamata ankapitadi kwa Joe zinali zoona. Zoti ankabwerako akudandaula kuti kumeneko ukagoletsa wangogoletsa basi, palibe wokutchula, mayi Olipa sananene. Mwiza anagula pulazima ya 4K. Anadikira kuti bambo ake apite kumaliro a mlamu wawo ku Rumphi, n'kuikhoma pakhoma. TV yakale inakasungidwa kukhitchini, itafunditsidwa chitenje, beseni pamwamba.

A Msowoya atabwerako sanakalipe. Anathokoza mwana wawo monga mwa ulemu, anakhala pampando wawo, chipewa pabondo, ndipo anyamata anayambitsa mpira. Udzu unkaoneka tsamba ndi tsamba. A Msowoya anatsegula pakamwa kuti atchule Harun, koma amene anali ndi mpira anali mnyamata watsitsi lachikasu, dzina lake litalembedwa poyera pamwamba pa mutu. Kamera inapita pagolo n'kuonetsa chimzungu chandevu, chojambulajambula m'mikono, chikutafuna chingamu.

"Awa ndi alendo," anatero a Msowoya. "Sindikuwadziwa."

Chigoli chitalowa anangoti "chalowa", ndi mawu a munthu wolengeza za maliro. Kunja pakhonde mayi Olipa anatembenuza mandasi awo mwamtendere, akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi. Kunena zoona, tsiku limenelo anakondwa, ndipo ndani angawadzudzule?

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mpeni wa Harun unasiya kuima m'mwamba, banyira anatha. Sophie anabwera kudzafunsa ngati wachotsedwa mu timu, ndi chimene walakwa. Makondakitala anayamba kuwaitana kuti mayi Msowoya, mouma ngati akuwaitana kuchipatala, ndipo mpando wakutsogolo ankakhalapo wofika msanga. Madzulo ena mayi Belinda anabwera, anagula mandasi, anakhala pamalo pawo paja n'kutchera khutu. Mkatimo munkangomveka mabatani ndi phokoso la mu TV. Anadikira mpaka mandasi anazizira m'manja, kenako anatsanzika bwinobwino n'kumapita. Mayi Olipa anawayang'ana mpaka anakhota pa ngodya ya msika, mtima ukuwawawa.

Kunyumba nako a Msowoya anasanduka munthu wofatsa, wongodya n'kuthokoza. Mayi Olipa anazindikira kuti sabata yatha osamva dzina lawo m'kamwa mwa amuna awo, kupatula pofuna madzi osamba. Anadzifunsa kuti ndi mwamuna uti ku Kawale amene amatchula mkazi wake tsiku lonse, pagulu, mokweza, kwa zaka zonsezi osatopa? Amuna ena amachita manyazi ndi kuyenda naye pamsewu komwe.

M'mawa mwake mayi Olipa anaitana Harun ndi wakabaza uja wa utsi. Anachotsa beseni, anachotsa chitenje, ndipo amuna awiriwo anainyamula TV ija akubuula mpaka pamalo pake. Pulazima inakakhomedwa pabalaza kunyumba, kumene mpaka lero imaonetsa makwaya. A Msowoya atafika anaima pakhomo, anayang'ana TV, anayang'ana mkazi wawo.

"Nanga 4K ija, amake Mwiza?"

"Pagolo palibe munthu," anatero mayi Olipa, osatukula maso pa chiwaya.

Tsiku limenelo mawu a a Msowoya anafika ku Biwi. Amuna a mayi Belinda anamenya makona mpaka kutopa, a Nyirenda anatuluka ndi khadi ina yofiira, ndipo amake Mwiza anagwira penate imene anthu amaikambabe. Anachinyidwanso zambiri, inde, koma zimenezo anazilandira ngati mvula.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'nyengo yozizira ya chaka chatha a Msowoya anadwala chifuwa masiku ochepa, n'kutisiya. Pamaliro pawo panali Akhristu ndi Asilamu, a ku Kawale ndi a ku Biwi, ndipo onyamula bokosi ankasinthana potchulana malo awo mu timu. Harun anauza anthu kuti asalire kwambiri, mkuluyu wangopita pa benchi. Anthu anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti wolowetsa anthu kuchokera pa benchi anali yemweyo.

Kachipinda kaja kakadalipo. Pemphani anafunsa ngati tsopano angabweretse pulazima, ndipo apongozi ake anangomuyang'ana, iye n'kupepesa. Anyamata amabwerabe kudzasewera pa chimbuuzi chomwecho, koma amasewera ngati ali m'kalasi. Ena anayesapo kuulutsa, mawu n'kuwathera panjira. Kumsika masana kumangomveka mahutala ndi oitanira malonda, ndipo Harun amadula nyama yake osaima.

Tsiku lina posachedwapa, mpira uli mkati, chigoli chinalowa. Mayi Olipa anachimva ali pakhonde, chifukwa khutu lawo linazolowera. Anaimitsa dzanja, anadikira. M'chipindamo munali zii, anyamata akuyang'ana mpando wa pulasitiki uja. Pamenepo mayi Olipa anasuzumira pakhomo, chipande chili m'manja, maso atafiira ngati ndi utsi. Anyamata onse anacheukira kwa iwo.

"Musandiyang'ane choncho, ana inu," anatero. "Ndimatembenuza mandasi."