Laputopu ya pa chiliza cha bambo

Anzanga, ine kwathu ku Magodi ndimapita mozemba masiku ano, ndipo chifukwa chake ndi chala changa ichi.

Tsiku lovundukula chiliza cha malemu bambo, mlongo wanga Tamara anabwera ndi laputopu yake kuchokera ku boma. Munali vidiyo ya bambo akuyimba kutchalitchi, imodzi yokhayo, poti foni imene inajambula inabedwa kalekale pamsika wa Lundazi. Batire ya laputopuyo inafa, imayaka ikakhala pachingwe basi, ndiye tinailumikiza ku sola. Ine poti ndinakhalako ku Chipata, ndinadzipereka kuti za makinazo andisiyire.

M'mawa ndinaiyesa, bambo n'kuoneka bwinobwino, mpaka ndinagwetsa misozi. Kenaka ndinaganiza zosunga moto wa sola kuti abale akaonere bwino masana. Kwathu wailesi timazimitsa bwanji? Si kungozula chingwe? Ndinazula.

Titabwera kumanda, anthu anadzaza m'nyumba, ena akusuzumira pawindo. Ndinayatsa. M'malo mwa bambo panabwera Chingerezi chambirimbiri ndi timadontho tozungulira. Tamara anawerenga n'kunena kuti ikukonza disiki yosungira zinthu, tisaizimitse. Koma timadontho timangozungulira, azibambo ayamba kutsokomola, ine thukuta kamukamu. Ndinati yaima iyi, ndikuidziwa, n'kuzulanso chingwe. Nditabwezera ndinaimenyako pang'ono pambali ngati wailesi.

Apa inayamba kundifunsa mafunso, mawu ake aatali oti ngakhale aphunzitsi akanayamba apukuta magalasi. Ndiwerenge pang'onopang'ono pamaso pa apongozi anga? Ayi ndithu. Ndinangodina kuvomera, kuvomera, kuvomera.

Inatenga nthawi yaitali, kenaka inayaka yoyera ngati yochokera m'sitolo, n'kutipatsa moni. Munalibe vidiyo, munalibe chithunzi, munalibe chilichonse. Tamara anasakasaka, kenaka anangoitseka n'kutuluka panja, ndinamumva akulira kuseri kwa nkhokwe. Mtima wanga unawawa kuposa tsiku la maliro.

Ankhazi, alongo awo a bambo, amene anayenda pansi kuchokera kutsidya kudzamva mawu a mchimwene wawo, anandiyang'ana.

"Mwana wane," anatero, "adada ako tinawaika chaka chatha tonse pamodzi. Lelo wawaikanso wekha."

Palibe anaseka. Chichokereni tsiku limenelo, makina akandifunsa funso ndimaika manja kumbuyo n'kuitana Tamara, ngakhale iyeyo sanayambebe kundiyankha.