Pampu ya pamtima ndi chiliza cha mayi

Lolemba, 10 Novembala

Ntchito yayamba. Lachisanu dokotala adzachepetsa liwiro la pampu kuti aone ngati mtima ungapope magazi wokha. Ukakhoza, alembera anzake a ku Ulaya amene anandiika chipangizochi, achichotse. Ndiye pa Isitala ine ulendo wa ku Ntcheu, kukavundukula chiliza cha mayi.

Maliro awo sindinaike. Ndinali gone m'chipatala cha eni, atanding'amba pachifuwa. Zimandiwawa mpaka lero.

Ndi pampu kumudzi sindingapite. Mabatire ake amafuna magetsi, ndipo kwathu magetsi timangowaona akudutsa m'mwamba.

Akuti pampu imapumitsa mtima, ndipo mitima ina ikapuma imachira. Wangawu wapuma chaka chathunthu. Tchuthi chatha, bwana!

Malamulo a sabata ino:
kuyenda m'mawa uliwonse
mchere ayi
kupsa mtima ayi

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndikuyenda mumsewu wa kuno ku Karen, dera limene tikukhala m'dziko la eni lino, chikwama cha mabatire chili paphewa, waya atatulukira pamimba. Ndikuguba ngati msilikali. Mlonda wa pageti loyandikana: "Pole pole, mzee!" M'chinenero cha kuno ndiye kuti pang'onopang'ono, achikulire. Ndikumuyang'ana ndi diso loipa.

Pakachitunda ka pasukulu mpweya wandithawa. Ndakhala pa kalavati. Ana akundiunjirira ngati mbuzi yogundidwa.

Mayi akunyumba, a Nangozo, abwera kudzanditola pagalimoto. "Bambo a Yamikani, mukufuna chiliza chikhale cha anthu awiri?"

Lamulo lachitatu laphwanyika.

Lachitatu, 12 Novembala

Amalawi anzathu a kutchalitchi abwera kuchokera ku Donholm, mbali ina ya mzinda uno, kudzandipempherera. A Gama, mkulu wampingo, andigwira pamkono. Akufufuza kugunda kwa mtima. Palibe! Ndikuwauza kuti pampu imayendetsa magazi mosalekeza, sigunda, koma iwo aponya kale mkono wanga ngati wotentha. Pemphero lake lero mpaka agalu auwa.

Akazi awo atchera khutu pachifuwa panga: "Iii, achimwene, mukulira ngati filiji!"

Atisiyira usipa wa kumudzi, wothira mchere. Ndangolawa kamodzi. Kenaka kawiri. Mbale ija sindikudziwa yathera kuti.

Lachinayi, 13 Novembala

Miyendo yatupa. Nsapato zakana. A Nangozo adina chala pamsongolo, chibowo chatsala pompo. Angodzuka n'kulowa kukhitchini. Bola akanakalipa.

Magetsi azima masana, jenereta ikutsokomola, ine ndikuyang'ana timagetsi ta batire ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

Uthenga wa pafoni wochokera kwa mlongo wanga Esinati: "Achimwene, nsalu ya pachiliza amachotsa ndi mwana woyamba. Amalume ayamba kale kuyeserera zokayankhula. Fulumirani."

Amalume! Munthu amene anakana kubwereketsa ngolo mayi akudwala!

Lachisanu, 14 Novembala

Chipatala. Ndavala tayi, ngati mtima uona.

Dokotala andipaka mafuta ozizira pachifuwa, akuunika. Nkhani yabwino: mbali ya kumanzere, ija inatupa ngati mpira, yaphwa ndithu. Ndikumwetulira. Ndayamba kale kuganiza za suti.

Achepetsa liwiro la pampu. Pakanema kamtima kanga kakungophethira, waulesi weniweni. Chizungulire. Thukuta. Abwezera liwiro msanga.

Akuti mtima kuchepa si kuchira, mphamvu sizinabwerere. Komanso mbali ya kumanja, imene pampu siithandiza, yayamba kutopa, n'chifukwa chake miyendo yatupa. "Mwadya mchere, mzee?" A Nangozo akuyang'ana kudenga.

Ndafunsa ngati usipa ndiwo walakwitsa. Akuti ayi, ngakhale ndikanadya udzu, yankho likanakhala lomweli. Mwina bola akanati ndi usipa.

Pampu sichoka.

Loweruka, 15 Novembala

Nzeru zina:
kunyamula jenereta pandege
sola
batire ya thirakitala ya a Gama

Ndaimbira dokotala. Akuti vuto si magetsi okha. Pampu ikalira alamu ku Ntcheu, kapena bala la waya likatukusira, ndani kumeneko anaionapo? A Nangozo abisa pasipoti yanga. Sindinaifunefune n'komwe.

Ndimati ndikapuma pantchito ndikakhala kumudzi, ndizikacheza ndi mayi pakhonde. Zaka zonsezi ndi "chaka chamawa, chaka chamawa." Ha!

Lamulungu, 16 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Sindikufuna a Gama andigwirenso mkono.

Esinati waflasha, ndamuimbira. Ndamuuza zonse. Nsalu achotse amalume, bola asatalikitse zoyankhula. Wandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka akuti:

"Musadandaule, achimwene. Pomanga chiliza tasiya malo anu pambali pa mayi. Mudzabwerabe. Kumeneko magetsi safunika."

Ndaseka mpaka a Nangozo athamanga kudzaona ngati ndi alamu. Atandipeza ndikupukuta m'maso, angondipatsa batire ina, nthawi yosintha yakwana.