Nsapato za amake Filipo

Amene akuti sindinapondeko ku Lilongwe aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani pansi, boti la ku Chisi likadali kutali.

Chinali chaka chimene ndinakolola mpunga ku Likangala mpaka matumba anatha mu Zomba monse, wotsalawo ndinachita kuthira m'mabwato a anthu. Akazi anga, amake Filipo, anati akufuna akaone likulu ndi maso awo, akagulenso nsapato zopitira kutchalitchi. Tinakwera basi.

Titatsika pa depoti tinapeza magalimoto atathinana pa mlatho ngati matemba m'khoka, apolisi akuimba mawezulo mpaka milomo kutupa, koma ine ndinangokweza chipewa changa, chomwechi chili kumutuchi, magalimoto onse anaima zii, madalaivala kutsika manja ali kumbuyo, ife n'kudutsa pakati penipeni pa msewu, amake Filipo patsogolo, ine pambuyo ndi kachikwama. Mukumva?

Mumsika wa kaunjika anayesa nsapato kuyambira m'mawa, iyi yathina, iyo yathina, poti phazi lawo linali la mlimi wa mpunga, lotambasuka, ndipo mulu wa zokanidwazo unakwera mpaka kutchinga dzuwa, nkhuku za ku Kawale zinalowa m'khola masanasana. Ndinati tiyeni kumasitolo a mabwana, kumene masitepe amayenda okha. Amake Filipo anakana kupondapo, ati zimenezo n'za ufiti, ndiye ine ndinawaponda masitepewo ndi chidendene kamodzi kokha, anaima, anayamba kubwerera m'mbuyo, anakoka nyumba yonse ya pamwamba ndi magalasi ake ndi atsikana ogulitsa omwe kuitsitsa pansi pamene tinaima, mwini sitolo n'kutuluka atanyamula nsapato zakuda pambale ngati mgonero, phazi n'kulowa bwinobwino. Ndikulumbira pali Mulungu.

Kuchoka apo tinapita pa chipilala cha asilikali, chachitali chija. Ndinawabereka amake Filipo kumbuyo, ndinakwera osapumako, ndipo pamwamba pake tinaona nyumba ya malamulo ngati kabokosi ka machesi, tinaona phiri la Zomba, Chilwa yense, Chisi, ngakhale mbuzi yanga ikudya chimanga cha a Namaona. Ndinaikuwa ndili komweko, inathawa. Mukanawafunsa a Namaona, koma nawo anatisiya.

Pamenepa ndi pamene amake Filipo ankandidula nthawi zonse. Ngakhale akhale kuseri akupeta mpunga, ankamva. "Bodza ilo, abambo ake Filipo. Muopeni Mulungu."

Basi ankaulula zonse pamaso pa anthu. Ati pa mlatho paja ine ndi amene ndinanjenjemera, iwo ndi amene anandigwira dzanja. Nsapato zinali za kaunjika, zazikulu, anachita kuikamo mapepala. Pa chipilala tinangokhala pansi pamthunzi n'kudya chinangwa, poti miyendo yawo inali itatupa. Ndiponso chimene chinatitengera ku Lilongwe si nsapato ayi, inali kalata ya kuchipatala. Anthu ankaseka mpaka misozi, ine ndinkatupa masaya masiku awiri, mawa lake n'kuiyambanso nkhaniyo nditawonjezera zina, kuti andidulenso.

Titabwerako kuchipatalako anakhala ndi moyo miyezi ingapo yokha. Nsapatozo anazivala katatu.

Tsono taonani inu. Ndanama kuyambira pa mlatho mpaka pa mbuzi, palibe wanditsutsa. Wina akudina foni, wina maso ali kunyanja, inu a Matiyasi mukungovomereza ndi mutu ngati muli kutchalitchi. Filipo ali ku Joni, akaimba amangofunsa ngati ndadya. Kunyumba ndimaikamba ndekha nkhaniyi ndikusoka ukonde, ndikafika pa chipilala ndimaima pang'ono, kudikira.

Zina zonsezo tayani m'madzi. Koma kubereka kokha ndinawabereka, kuchokera pa depoti mpaka pachipata cha chipatala, anthu a m'tauni akutilambalala osationa n'komwe. Ndipo sanandilemere.