Chithunzi cha pakhoma ku Magaleta

Ine sindikonda zokokomeza, ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe linandipachika.

Mwana wa mlongo wanga, Yohane, anapeza mbeta ku Magaleta, konkuno ku Neno, ndiye ine monga malume ake ndinayenera kukaonekera kwa eni mkazi. Ndinali ndisanakhalepo nkhoswe, choncho njira yonse panjinga yamoto ndinkangobwereza mawu mumtima, poopa kulakwitsa n'kumulepheretsa mwana ukwati.

Titafika anatilowetsa m'nyumba, momwe tinapeza bambo wina wonenepa, wadazi, wosayankhulayankhula. Tinalonjerana, kenako zii. Ndinaganiza kuti ndi woyandikana nawo nyumba, malume enieni a mtsikana akubwera. Chete ameneyo anandisowetsa mtendere, maso anga n'kugwera pa chithunzi cha pakhoma: Gwedeza, wosewera mpira pakati uja, ali mnyamata woonda mu yunifomu ya timu ya dziko. Nyumba zambiri kuno zili ndi zithunzi zotere, nanga si mwana wa kwathu?

Kuti ndioneke munthu wowerenga, ndinati anthu a ku Neno timamukweza mopitirira. Ku timu yake ya ku Blantyre ankasewera bwino, inde, koma atapita kunja anathera pa benchi. Bamboyo anangogwedeza mutu. Yohane anandiponda phazi, ine n'kusuntha mwendo poyesa kuti ndamupanikiza.

M'malo mosiyira pomwepo, ndinapitiriza. Ndinati ku timu ya dziko ankamuitana ena akavulala, ndipo ndani angaiwale tsiku lomwe anabwezera goloboyi mpira wofooka, adani n'kugoletsa?

"Munaonera masewerowo?" anafunsa bamboyo mofatsa.

Ndinavomera kuti ndinangomvera pa wailesi, koma nyuzipepala zonse ndinawerenga.

"Bwalo linali lonyowa tsiku limenelo," iwo anatero, akusisita bondo lomwe linali ndi chipsera chachitali.

Apo m'pomwe mayi a mtsikana analowa, n'kugwada, n'kunena kuti, "Achimwene, alendo anu ndi amenewa."

Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana dazi. Makutu ake omwewo! Mawu onse ndinaloweza aja anabalalika, ndipo Yohane anali atazyolika ngati wamva uthenga wa maliro. Ndinkangodikira kuti atiuze kuti mbeta palibe.

A Gwedeza anandisiya ndivutike mpaka ndinamaliza kupempha mwachibwibwi. Kenako anati mwanayo atipatsa, chifukwa mnyamata sanalakwe kanthu, ndipo za benchi sindinaname.

Koma mukudziwa mwambo wake: ankhoswe sasiyana. Awiriwo akangokangana, ine ndi a Gwedeza tiyenera kukhala pansi limodzi. Zinachitikapo kale kamodzi, ndipo anandilandira ndi ulemu wonse, n'kundilozera kampando kathabwa panja.

"Khalani apo, a nkhoswe. Benchi sipha munthu, ine ndine mboni."

Lero palibe amene amapempherera mtendere wa banja limenelo kuposa ine. Ndipo ndikalowa m'nyumba ya eni n'kuona chithunzi pakhoma, ngakhale cha mbuzi, ndimayamba ndafunsa kuti ndi ndani wawo.