Penti Wofiira pa Masikuluwu Anayi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Tibay-Lagari.

Bwana wolemekezeka,

Pepani kuti ndikukuvutitsani, ine munthu amene sukulu ndinalekezera giredi sikisi. Ndalemba kudzera m'nyuzipepala chifukwa makalata awiri amene ndinasiya pa kauntala yanu mukuwasunga mosamala kwambiri, moti mukuopa ndi kung'amba envelopu komwe.

Ndine Melecio Abarientos wa ku Hinagdan, kuno pa chilumba cha Samar. Ndakhala ndikucheka matabwa a kokonati kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa 3 Okutobala ndinabweretsa makina anga ochekera mitengo kuti muwakonze injini yonse, ndipo ndinawatenga pa 17. Ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha pisitoni ndi malingi atsopano. Asanabwere kwa inu, makinawa ankatsokomola koma ankacheka. Chifuwa chija munachiza. Tsopano satsokomola, sacheka, angoti zii.

Chachiwiri, zikomo powaphunzitsa kuwolowa manja. Kale ankamwa petulo okha. Lero amagawa. Petulo amadontha pa kabuleta, amanyowetsa sefa ya mpweya, amatulukira ku ekizozi, ngakhale makina ali chikhalire pa benchi. Mano Crispulo wa pagolosale (kuno mwamuna wamkulu timamulemekeza pomutchula kuti Mano) amandikuwira tsiku lililonse kuti, "Melecio, bwera nacho chitsime chako chija tithireko m'njinga yamoto!" Anthu amaseka. Inenso ndimasekako pang'ono kuti ndisaoneke wokwiya.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha nzeru za makaniko wanu, a Gaudioso. Pa foni anandiuza kuti, "Mano, choko si belu la tchalitchi, musamangochikoka." Ndinawamvera. Ndinasiya kukoka choko, kabatani kothandiza kuliza injini ikakhala yozizira. Ndinaumitsa pulagi padzuwa, kenako ndinagula ina. Ndinatembenuza makina pulagi itachotsedwa n'kukoka chingwe kuti petulo yense atuluke. Ndinataya mafuta akale n'kusakaniza ena, oyilo ndikuyeza ndi kapu yake. Chingwe ndachikoka ka 214, ndimalemba pakhoma ndi khala. Nthawi iliyonse pulagi imatuluka itanyowa. Dzanja lamanja silikwezekanso kupitirira phewa.

Lachiwiri lapitali ndinabwereka magalasi a mkazi wanga Perpetua n'kuyang'anitsitsa m'mphepete mwa kachivundikiro ka kabuleta. Bwana, sindine wophunzira, koma malo amenewa ndawatsegulapo kambirimbiri. Gasiketi yokhuthala imayamba kukhala pansi, kenako kachikopa kopyapyala pamwamba pake. A Gaudioso anasemphanitsa. Kachikopako kali pansi, ndiye kakukanikiza kachitsulo ka m'kati, ndipo kasingano kotseka petulo sikakutseka. Vuto lonse ndi lomweli. Ndi ntchito ya mphindi zisanu ndi masikuluwu anayi.

Apa ndi pamene ndikuthokoza kwambiri. Pa masikuluwu anayiwo munapakapo penti wofiira, ndipo pepala limene munandipatsa potenga makinawo likuti pentiyo akangosweka, kampani sidzakhudzanso injiniyo, zivute zitani. Ndaliwerenga kasanu. Ndinauza a Gaudioso zimene ndaona, iwo anati munthu wa kumudzi asatsegule zinthu zimene sazidziwa, ndiwabweretsere makinawo. Ndinakwera boti ndi njinga yamoto, ulendo wa maola anayi, n'kupeza pachitseko palembedwa kuti apita kumaphunziro mpaka mwezi wamawa. Ndinasangalala kumva kuti akuphunzira.

Sindikanakuvutitsani pakanapanda mtengo. Namondwe wa mwezi watha anazula theka la mizu ya kokonati wa kuseri kwa nyumba yanga, ndipo waweramira denga la kuchipinda. Ndaumangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha boti. M'mawa uliwonse ndimayeza mpata wa pakati pa thunthu ndi lata. Sabata yatha munkalowa dzanja ndi chigongono chomwe. Lero mukulowa chikhatho chokha. Ndi nkhwangwa sindingayerekeze, chifukwa mtengo woweramira chotere umang'aluka usanafike pakati, n'kugwera komwe ukufuna. Makina ena m'dera lathu ndi a Mano Tiburcio kutsidya kwa mtsinje, koma nawonso anakonzedwa ndi kampani yanu mu Seputembala, choncho akupumula.

Perpetua wasamukira kwa mng'ono wake ndi makina osokera ndi chithunzi cha Amayi Maria. Ananyamuka akunena kuti anakwatiwa ndi wocheka mitengo amene akuopa penti kuposa mtengo. Iye sanawerenge pepala lanu.

Wailesi yati namondwe wina afika Lamlungu pa 9 Novembala. Pempho langa ndi laling'ono, bwana. Ndilembereni mzere umodzi wokha, wokhala ndi chidindo, wondilola kuswa penti ndi kukonza zimene akatswiri anu anakonza kale. Sindidzauza munthu kuti zinanditengera mphindi zingati.

Chonde yankho lifike lisanakwane Loweruka pa 8. Likachedwa, musalitumize kunyumba kwanga. Mudzalipereke kwa mlamu wanga Saturnina pafupi ndi tchalitchi, chifukwa wamtengatenga wanu angadzavutike kupeza khomo loti agogodepo.

Ine wanu wodikira modzichepetsa,
Melecio Abarientos,
Hinagdan, Samar.